Bakha Awerenga Makalata

Anabadwa mwendo wakumanzere uli waufupi kuposa unzake, moti poyenda thupi lonse linkapendekera uku ndi uku. Bambo ake ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya munthu wina, ndipo mwanayo akamakula ankamukhomera chidendene chochindikala pa nsapato imodzi kuti miyendo ifananeko. Mayi ake analibe mawu onyengerera. Ankangomuuza kuti, "Iwe kuthamanga si kwako, kusenza si kwako, ndipo amuna usawawerengere. Limbikira zala." Atamaliza sukulu anamutumiza kukaphunzira kutayipa, ndipo zalazo zinamveradi.

Ntchito anaipeza pa kampani ina yogulitsa simenti, malata, misomali ndi utoto. Kalata iliyonse yotuluka pa kampaniyo inkadutsa m'manja mwake, choncho dzina lake lenileni linaiwalika, onse n'kumangoti a Taipi. Anali ndi mutu wogwira zinthu. Chimene watayipa kamodzi ankatha kuchinena pamtima patapita chaka, mpaka pamene panali kadontho. Mabwana ankabwera n'kumapita, iye ali pa desiki yomweyo ya pafupi ndi masitepe. Sanakwatiwe. Ankachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo omwetsera mafuta galimoto, ndipo Lamlungu masana ankasita zovala za sabata yonse akumvera wailesi.

M'nyumba imeneyi ndi mmene munafikira mtsikana wina, mwana wa malemu mnzawo wa mayi ake, atanyamula kachikwama kamodzi kothyoka zipi. Taipi anamulandira, anagona naye bedi limodzi, anamuphunzitsa kuyankha foni ndi mawu aulemu, kenako anakamupemphera ntchito yolandira alendo pa kampani pomwepo. Kuntchito anamupatsa dzina loti Halo. Halo anali wokongola, wa pakamwa pothyathyalika, ndipo iye ankatchula Taipi kuti anti. Pa ukwati wake ndi mwamuna wina wokonza mafiriji, Taipi ndiye anakhala pa mpando wa mayi a mkwatibwi, atavala diresi imene anasoketsera tsikulo.

Makompyuta atafika, Halo atangoyamba kumene ntchito, aliyense anayamba kudzilembera yekha makalata n'kumatumiza pa imelo. Ntchito ya Taipi inafota. Anatsala ndi kufotokopa ndi kumata maenvulopu. Tiyi ankamwera pa desiki pake, chifukwa akalowa m'kakhitchini ka pa ofesi, phwete limene ankalimva ali pakhomo linkazima ngati wina wathira madzi pamoto. Ankadziwa kuti pali kanthu, koma sankafunsa.

Kenako kunabwera bwana watsopano woona za antchito, mwamuna wa ndevu zometa bwino ndi mafuta onunkhira omwe ankatsala m'chipinda iye atatuluka. Bwanayu sankafuna kuona munthu wachikulire wotsimphina pafupi ndi masitepe pomwe makasitomala amadutsa. Kumuchotsa kunali kovuta, pakuti Taipi analibe mlandu, sankachedwa, sankadwala. Mwayi unapezeka pamene kampani inaganiza zosintha pulogalamu ya makalata.

Pulogalamu yakaleyo inkasunga makalata onse a munthu mmodzi m'fayilo imodzi yaikulu, imene ankaitcha bokosi. Yatsopanoyo sinkatha kutsegula mabokosiwo. Anaitana katswiri wa makompyuta, bambo wa magalasi wosakonda kulankhula, yemwe anakopera mabokosi onse pa kompyuta yakale n'kuiika m'chipinda chosungira makatoni. Chipindacho chinalibe zenera, ndipo munkanunkha mapepala onyowa. Kumeneko ndi kumene anasamutsira Taipi.

"Fayiloyi ndi imodzi, mayi, koma mkati mwake makalata angolumikizana ngati mabogi a sitima," anatero katswiriyo akuloza pa sikirini. "Kapulogalamu kamene ndalembaka kamafunafuna mzere wa dzina la wotumiza ndi tsiku, n'kudziwa kuti apa payambira kalata ina. Nthawi zina kamadula polakwika, kapena zilembo zimasanduka tinyerere. Zoterozo muziika padera, ndidzaziona. Zotsalazo muziwerenga. Ikakhala ya ntchito mudine apa, ipita ku pulogalamu yatsopano. Ikakhala ya zaumwini mudine apa, ifufutika."

"Ndiwerenge onse?" anafunsa Taipi.

"Mungadziwe bwanji ya ntchito osawerenga?" anayankha bwana uja, yemwe anaima pakhomo manja ali m'thumba. Anamwetulira. "Mupezamo zambiri, mayi. Zina n'zonena inu nomwe. Anthu amacheza, mukudziwa. Mukaona kuti mtima sukupirira, chitseko changa n'chotsegula. Kalata yosiyira ntchito tithandizana kulemba."

Anayamba ndi bokosi la akauntanti wa kampaniyo, munthu wa mimba yaikulu ndi kuseka kwa mkokomo. Makalata ambiri anali a mitengo ya simenti ndi malole ochedwa. Pakati pa amenewa pankapezeka timakalata tatifupi totumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi. "Bakha wafika, bisani mabisiketi." "Bakha lero wavala ya maluwa, dziwe lonse lawala." "Ndani akamuuze Bakha kuti masitepe akudandaula?" Poyamba ankangodina kuti zifufutike osaganiza zambiri. Diresi ya maluwayo ndiyo inamuimitsa chala. Anayang'ana tsiku la kalatayo, n'kukumbukira kuti linali tsiku lake lobadwa, ndipo diresiyo anaivala koyamba tsiku limenelo.

Kalata ina inatuluka ili ndi mizere yambirimbiri ya zilembo zopanda tanthauzo. Anaiika padera monga anamuuzira. Katswiri uja atabwera anati, "Ichi n'chithunzi, kapulogalamuka sikanachizindikire," n'kukonza pang'ono Taipi ali chiimire pambali pake. Pa sikirini panatuluka Taipi yemweyo, wojambulidwa chakumbuyo akukwera masitepe, wina atamujambulira mlomo wachikasu ndi mchira. Katswiriyo anatsokomola, anatola chikwama chake n'kutuluka osatsazika.

Bokosi la Halo analisiya lomaliza m'gulu loyambalo, pofuna kuti mtima ukapumulireko. Analitsegula m'mawa wina mvula ikugwa, ndipo kalata yoyamba yotchula Bakha pa kampani yonse anaipeza mmenemo. Dzinalo anayambitsa ndi Halo, miyezi imene ankagona naye bedi limodzi. Enawo ankangoseka za kayendedwe, koma Halo ankabwera ndi za m'nyumba. Analemba mmene Taipi amavulira nsapato yake yolemera ija akaweruka, n'kumasisita mwendo ndi mafuta akuuuza kuti, "Pepa, pepa, tafika." Analemba zoti tsiku lina Taipi anamufunsa mwamanyazi kuti kugwiridwa dzanja ndi mwamuna kumamveka bwanji. Sabata ya ukwati analemba kuti, "Bakha waumirira mpando wa mayi anga. Ndamuuza wojambula kuti azimudula." Taipi anakumbukira zithunzi za ukwatiwo, zomwe zinali mu alubamu kunyumba kwake. Pa chilichonse pankangooneka mkono wake ndi kachidutswa ka diresi, ndipo iye zaka zonsezi ankati wojambulayo anali wosadziwa ntchito.

Sanalire. Anapita kuchimbudzi, anasanza, anatsuka mkamwa, kenako anakwera masitepe kupita ku ofesi ya bwana uja. Bwanayo atamuona pakhomo nkhope inawala, dzanja lili kale pa kabati ya mapepala.

"Lowani, mayi. Mwaganiza bwanji?"

Taipi anayang'ana dzanjalo. "Babu la m'chipinda muja likuthimathima," anatero. "Ndimafuna lina."

Anabwerera n'kupitiriza bokosi lomwelo. Chakumapeto kwake nthabwala zinayamba kuchepa. Mwamuna wa mafiriji uja anali atasamukira kwa mkazi wina, kusiya Halo ndi kamwana, ndipo Halo ankamulembera ali kuntchito, nthawi zina kangapo pa tsiku. Kuofesi palibe ankadziwa, chifukwa Halo ankavalabe mphete n'kumati bambo a mwana ali pa ulendo wa ntchito. Makalatawo anali a zaumwini, ndipo Taipi anawafufuta onse monga mwa lamulo. Koma anali atawawerenga, ndipo mutu wake uja unali usanakalambe.

M'mawa mwake, nthawi ya tiyi, anatenga kapu yake n'kulowa m'kakhitchini. Munali akauntanti, Halo, dalaivala wa lole, atsikana awiri a ku malonda ndi mkulu wina wosunga makiyi a nyumba ya katundu. Phokoso linazima monga mwa masiku onse.

"Bakha wafika," anatero Taipi. "Bisani mabisiketi."

Supuni ya akauntanti inaima m'kapu. Mtsikana mmodzi anayang'ana pansi. Taipi anakoka mpando, anakhala, anathira tiyi wake mosafulumira.

"Anti," anayamba Halo.

Taipi anatembenukira kwa iye, anaika dzanja pakhutu ngati wagwira foni, n'kuyamba kulankhula ndi mawu aang'ono otsekemera omwe Halo ankalandirira nawo makasitomala, mawu omwe anamuphunzitsa yekha. "Bambo a mwana, bwerani. Ngakhale muzigona komweko Loweruka ndi Lamlungu, ine sindifunsa. Ndizikuchapirani, ndi zovala za mkaziyo ndizichapa ndithu, mungobwera nazo. Mukafuna ndizigona pansi. Musandichititse manyazi, kuntchito ndimawauza kuti muli pa ulendo."

Kenako dalaivala anaphulika, tiyi kutulukira m'mphuno. Akauntanti anatsatira ndi mkokomo wake uja akumenya tebulo, atsikana aja n'kugwirana mapewa misozi ili mbwee. Ena ankaseka chifukwa zinalidi zoseketsa, ena chifukwa mkondo unali wadutsa pambali pawo n'kukalasa wina. Halo anaimirira, kapu inagwa n'kusweka, anathawira kunja.

Taipi anakhala phee pakati pa phwetelo. Zaka zonsezi ankalimvera kuseri kwa chitseko, ndipo sankadziwa kuti mkati mwake mumafunda chonchi. Akauntanti anapukuta maso, anamusunthira mbale ya shuga n'kunena kuti, "Onjezerani, a Taipi. Inu ndinu oopsa."

Kuyambira tsiku limenelo mpando wa pafupi ndi ketulo unakhala wake. Ankabwera ndi kanthu tsiku lililonse, ndipo anthu ankalowa m'kakhitchinimo mitima ili m'mwamba, osadziwa kuti lero agwa ndani. Kujomba tiyi kunali koopsa kwambiri, chifukwa wosakhalapo ndiye ankadyedwa. Taipi ankasankha bwino. Akauntanti, yemwe anajambula mlomo wachikasu uja, sanamukhudze, chifukwa ndiye ankayambitsa kuseka. Mabwana sankawayandikira. Ankatola ofooka. Tsiku lina ananena pamtima makalata a mkulu wa makiyi uja, olembera mwana wake wamwamuna yemwe anapita kunja n'kusiya kuyankha. Mkuluyo sukulu sanapite nayo patali, ndipo Taipi anatchula mawu aliwonse olakwika mmene analembedwera, mpaka pamene anati, "Ngakhale kungoimba n'kudula, ndidziwe kuti uli moyo." Mkuluyo anamwetulira nawo pang'ono n'kumaliza tiyi wake. M'bokosi lake lonse munalibe mawu oti Bakha ngakhale pamodzi. Taipi ankadziwa zimenezo.

Koma mbale yake yokondedwa inali Halo. Makalata aja anali ambiri, ndipo ankawatulutsa pang'onopang'ono. Anyamata a ku nyumba ya katundu anayamba kuimba pa foni ya alendo n'kumafunsa ndi mawu osintha kuti, "Halo, kodi kumeneko ndi kochapitsa zovala?" Wina anasiya sopo pa desiki pake. Halo anavula mphete, anaonda, anasiya kudzola milomo.

Masana ena analowa m'chipinda cha makatoni, anatseka chitseko n'kugwada pa simenti.

"Anti, ndinalakwa. Ndinali mwana, ndinkafuna andikonde. Ndimenyeni, nditukwaneni pamaso pa onse, ndivomera. Koma za bambo a mwana zija zisiyeni. Zafika mpaka kwa aneba. Mwana wanga akumufunsa kusukulu."

Taipi sanachotse maso pa sikirini. Anadina batani, kalata ina inafufutika, ina n'kutseguka.

"Dzuka, udetsa siketi," anatero. "Ine sindinawonjezepo mawu ngakhale amodzi. Iwe unalemba, ine ndinawerenga. Ndi ntchito imene anandipatsa."

"Munandilera ndinu, anti. Ndilibe mayi wina."

"Foni ikulira. Kayankhe."

Foniyo inkaliradi, ndipo Halo anafika poiopa. Ikalira ankaiyang'ana kaye, akainyamula mawu ankakanirira pakhosi. Makasitomala anayamba kudandaula kuti pa kampaniyo foni siyankhidwa, ndipo ikayankhidwa munthu wake amachita chibwibwi. Bwana woona za antchito anamuitana, anamupatsa chenjezo, kenako anamuchotsa. Tsiku lomwe Halo ankalongedza katundu wake m'katoni, Taipi ndiye anamusankhira katoniyo, yolimba bwino. Pambuyo pake zinamveka kuti Halo wasamukira kwa mkulu wake kutali, mwana atamusiyitsa sukulu pakati pa chaka. Taipi atamva anangofunsa ngati wa mafiriji uja anabwerera. Anamuuza kuti sanabwerere.

Bwana uja sanachedwe kuona kuti munthu yemwe ankafuna kumutaya ndi chida. Anayamba kutsikira yekha m'chipinda cha makatoni, mafuta ake onunkhira n'kumalimbana ndi fungo la mapepala.

"Mayi, dalaivala uja akundivuta. Bokosi lake munaliona?"

"Ndinaliona, bwana. Loweruka lina anasamutsa katundu wa mlamu wake pa lole ya kampani. Analemba yekha pouza mlamuyo nthawi."

"Simunafufute?"

"Za lole ndi za ntchito, bwana."

Dalaivalayo, yemwe masiku amenewo ankamutenga Taipi pa lole mpaka pakhomo kukagwa mvula, anachotsedwa mwezi womwewo. Mkulu wa makiyi anapempha yekha kupuma nthawi isanakwane.

Mabokosi akale atatha, mitima ya anthu inakhala pansi poganiza kuti chitsime chauma. Koma bwanayo anaitananso katswiri uja kuti akonze zoti kalata iliyonse yolowa ndi yotuluka pa kampaniyo izisiya kope lake m'bokosi limodzi, ndipo makiyi a bokosilo anapatsa Taipi. Katswiriyo anachita zimene anamutuma, osayang'ana munthu kumaso. Bwanayo anasamutsira Taipi ku chipinda cha pamwamba chokhala ndi zenera ndi fani. Khoswe anali atakhala pamkhate. Anthu anasiya kulemberana china chilichonse kupatula mitengo ndi manambala a malole, ndipo ngakhale zimenezo ankaziwerenga kawiri asanatumize. Akakumana naye pa masitepe ankapatuka, n'kumupatsa moni ndi manja awiri. Atsikana atsopano ankalangizidwa tsiku loyamba lomwe kuti mayi a pamwamba aja azipatsidwa tiyi asanapemphe.

Taipi anagwira ntchito choncho mpaka zaka zake zopumira zinakwana. Pa phwando lotsazikana naye panalibe yemwe anajomba. Akauntanti, tsitsi litayamba kuyera, anaimirira n'kunena kuti a Taipi anali mayi wa onse, munthu wosunga chinsinsi, ndipo anthu anaomba m'manja nthawi yaitali, aliyense akuopa kukhala woyamba kusiya. Anamupatsa mpando wa khushoni ndi bulangete.

Atapuma anasamukira kwa mchimwene wake wamng'ono, mphunzitsi wofatsa yemwe anamumangira chipinda kuseri kwa nyumba. Masabata oyamba zinkayenda. Kenako tsiku lina pa chakudya chamasana, Taipi anayang'ana mwana wamkazi wa mchimwene wakeyo, mtsikana wa kusekondale, n'kuyamba kunena ndi mawu aang'ono kuti, "Ukapanda kundiyankha lero sindidya. Ndakulembera dzina lako pa dzanja ndi bolopeni." Mtsikanayo anali atasiya foni pa mpando popita kukasamba. Bambo ake anaseka asanamvetse, azichimwene ake anaseka mpaka kugwa pa mipando, ndipo iye anadzitsekera kuchipinda mpaka tsiku lotsatira. Patapita masiku anatulukira mauthenga a mlamu wake, odandaulira mng'ono wake za kuchepa kwa chikondi m'banjamo. Amenewo Taipi anawanena pali alendo.

"Achemwali anuwa achoke pano," anatero mlamuyo kwa mwamuna wake alendo atapita, osasamala kuti mawu akumveka kuseri.

"Apite kuti? Ndi mlongo wanga, ndiponso mwendo uja ukuwavuta."

"Ndiye ndichoke ine?"

Mphunzitsiyo anangokanda m'mutu. Palibe anachoka. Mlamuyo masiku ano amapita kubafa foni ili m'kajumbo ka pulasitiki, ndipo anawo amagona mafoni ali pansi pa pilo. Taipi akadali komweko. Amadya bwino, wanenepa, ndipo mwendo umamupweteka nyengo yozizira yokha. M'mawa amatulutsa mpando wake wa khushoni pakhonde loyang'ana kumsewu, n'kukhala pomwe aliyense wotuluka m'nyumbamo ayenera kudutsa. Mwana akamadutsa amamuitana mokoma kuti, "Tabwera nayo foni yakoyo, ndione nthawi." Anawo amayankha kuti yatha moto, n'kufulumiza miyendo kupita kugeti.